Alendo a m'madzi ayambe adikira kuseli

Kwathu kuno ku Petauke mlendo sitimufunsa matenda. Akafika timamulandira katundu, kumuyalira mphasa, ndipo tambala amene amayenda monyada pabwalo amadziwiratu kuti zake zada. Za chifuwa chimene mlendoyo wabwera nacho timadzazimva usiku, atagona kale pakati pa ana. Ndiye musadabwe kuti mudzi wonse ukundinena. Ine ndalandira alendo ochokera ku Nyimba n'kuwatsekera kuseli kwa dimba, osawalola ngakhale kukapereka moni kwa eni malo. Alendowo ndi tiana ta nsomba, tosaposa chala, ndipo eni malo ndi nsomba za m'dziwe langa.

Nzeruyi si yanga, ndipo mayi a kunyumba akuti zimenezo n'zosachita kufunsa, chifukwa nzeru zanga iwo amazidziwa zonse ndi mayina omwe. Inachokera kwa mwana wa mlongo wanga amene ali ku Johannesburg. Mnyamatayu amasamalira nsomba za m'nyumba za anthu olemera: nsomba za m'nyanja ya mchere, zamawangamawanga, zokhala m'bokosi la galasi pabalaza, zoyatsiridwa magetsi, koma zosadyedwa. Ndinamufunsitsa pa WhatsApp. Akuti sizidyedwa ndithu, amangoziyang'ana. Munthu wagula mchere, wasungunula m'madzi, waponyamo nsomba, ntchito yonse yatha, kwatsala moto basi, iye n'kukhala pampando kumaonerera ndiwo.

"Amalume," akutero mnyamatayo, "kuno nsomba yatsopano silowa m'galasi lalikulu tsiku lomwelo. Imayamba yakhala m'kagalasi kakekake masabata anayi, mwinanso kuposa." Akuti mdani wawo wamkulu ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon, kamene kamawaza timadontho toyera pakhungu la nsomba ndi mopumira mwake. Kakakhuta kamayoyokera pansi, kubisala mumchenga, kuswana kambirimbiri, n'kudzukanso kudzagwira aliyense. Kakangolowa m'galasi lalikulu, amasamutsa nsomba zonse, galasilo n'kulisiya lopanda nsomba miyezi iwiri ndi theka kuti kafe ndi njala. Mankhwala ake ndi kopa, koma kopayo amapha nkhono ndi nkhanu zokongoletsa, choncho amathira m'kagalasi ka odwala mokha. Apa mtima unakhala m'malo. Kopa wathu yemweyu wa ku Kitwe ndi ku Chingola, amene ine mwini dziko ndimangomuona akudutsa pa malole, ali kalikiliki kuchiza nsomba za mabwana ku Joni.

Chinandiseketsa ndi ichi. Nsomba yawo ya m'madzi a mchere amaiviika mphindi zochepa m'madzi opanda mchere kuti tizilombo tiyoyoke. Yathu ya m'madzi opanda mchere timaiviika m'madzi a mchere pa chifukwa chomwecho. Kachilombo sikapirira madzi achilendo monga ipirira nsomba. Ndinati basi, ngati ndi choncho ine ndi mabwana a ku Joni tili pa ntchito imodzi, kungosiyana kuti iwo mchere ali nawo wambiri.

Ndikanaiwala zonsezi pakanapanda alangizi a za nsomba a pa boma. Iwo sanaseke. Anati ifenso tili ndi athu, matenda a zilonda otchedwa EUS, oyamba ndi nkhungu ya m'madzi. Mu Africa anaonekera koyamba cha m'ma 2006 ndi 2007 ku mtsinje wa Chobe ndi Zambezi, ndipo mu 2020 anabuka ku Mchinji, pa Malawi pompa, kungodutsa Chipata ndi chipata cha Mwami, mpaka boma la kumeneko linaletsa kupha ndi kunyamula nsomba za m'mitsinje yokhudzidwa. Nsomba imayamba ndi timadontho tofiira, kenako chilonda chakuya chodya mnofu. Amakonda nyengo yozizira ndi madzi owawasa, amayenda ndi nsomba, ndi ukonde, ndi madzi osefukira. Akalowa m'dziwe palibe jakisoni. Chimene ungathe n'kuthira laimu, kuumitsa dziwe, ndi kusamala amene ukumulowetsa.

"Inu a Kum'mawa zimenezi si zachilendo," anatero. Ndipo ananena zoona. Chigodola cha nkhumba chinalembedwa koyamba kuno mu 1912, Chipata akadali Fort Jameson, ndipo kwa zaka zambiri nkhumba yathu, yamoyo kapena yootcha, yakhala yosaloledwa kungowoloka mlatho wa Luangwa kupita ku Lusaka. Nkhuku yogula pa msika aliyense wanzeru amayamba waimangirira payokha kuopa chitopa. Za mliri wa anthu wa 2020 zija, munthu wochokera kunja akumubindikiritsa masiku 14, sitinaiwale. Koma nsomba? Nsomba timaiyesa kuti popeza imasamba tsiku lonse, ndiye kuti ndi yaukhondo.

Ndiye ndinakumba kadziwe kachiwiri, kumunsi kwa dziwe langa lalikulu, kuti madzi ake asabwerere kwa eni malo. Mnzanga wina anati ndisavutike, ndingomanga kaukonde m'kati mwa dziwe lalikulu lomwelo n'kuikamo alendowo. Alangizi anati kumeneko n'kutsekera wodwala ndi chitseko cha udzu: nsomba sizikhudzana, koma madzi ndi amodzi.

Tiana ta nsombato ndinakagula kwa mlimi wina wa ku Nyimba. Anatiika m'pulasitiki, madzi pang'ono, mpweya wambiri, n'kumanga pakamwa ndi mphira. Mu minibasi anzanga onse ananyamula nthochi, monga achitira munthu aliyense wabwinobwino wochokera ku Nyimba. Ine ndekha ndinafungatira thumba la madzi pamiyendo, nditaliphimba ndi jekete kuopa dzuwa, ndikupempha adalaivala kuti mabampu a pa Minga awalemekeze. Amayi ena anasuzumira n'kufunsa ngati ndi kapenta wosauma. Kondakitala anafuna kudziwa kuti okwera ndi angati m'menemo. Ndinamuuza kuti onse ndi ana osakwana zaka zisanu.

Pofika sindinangokhuthula. Thumba limayamba layandama pamadzi kwa kanthawi kuti kutentha kwa m'kati ndi kwa kunja kufanane, chifukwa nsomba ikadzidzimuka imadwala ngakhale inabwera yabwino. Kenako tonse tinasamba m'beseni la madzi a mchere, ndikutanthauza nsombazo, ndipo madzi a ku Nyimba ndinakataya pa chulu, kutali ndi dambo. Mcherewo ndinatenga m'khitchini. Madzulo ake tinadya chibwabwa chozizira, ndipo palibe anayankhula, kupatula mayi a kunyumba amene anati, "Abambo, idyani bwino. Mchere uli kwa alendo anu."

Kuyambira pamenepo ndine ofesala. Kadziweko kali ndi ndowa yakeyake ndi kaukonde kakekake, ndipo ndinamangirira kansalu kofiira kuti ana asasokoneze. Mbandakucha ndimakhala nditanjuta m'mbali, kuyang'ana ngati pali kansomba kodzikhula kukhoma, kopumira pamwamba, kokana gaga, kapena kokhala ndi kadontho kofiira. Ntchito imeneyi imafuna maso, ndipo anga ndi omwe aja amalephera kuona mbuzi ili m'chimanga. Tsiku lina ndinakuwa kuti ndaona chilonda. Mdzukulu wanga anavuula ndi kaukonde: linali duwa la nyemba. Ndinaliika kaye pambali kuti ndilionetsetse.

Amayi opita kumjigo anandipatsa dzina, a Imigireshoni. Alamu anga anabwera kudzabwereka ukonde kuti akakokere ku dambo, ine ndinakana. Ndinafotokoza mwaulemu kuti ukonde woyenda m'madzi a eni umabwera ndi zambiri, ndipo ukabwera uyenera kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma gwa. Iwo anamva zoti ndawanena kuti ndi odwala. Nkhani inafika kwa amalume awo a mayi a kunyumba, amene ndiwo mwini mbumba, poti ine pano ndine mkamwini. Anandiitanitsa, anamvetsera zonse, za Cryptocaryon zomwe, kenako anakoka fodya wawo wa m'mphuno.

"Mkamwini, mwachita bwino," anatero. "Masabata anayi okha? Inuyo tinakuikani kanyumba ka kumapeto kuja, pafupi ndi khola, n'kumakuyang'anani mmene mudyera ndi mmene mugwirira khasu. Simunadabwe kuti mbale yanu inali yosiyana?"

Ndinafunsa kuti ananditulutsa liti. Anati nkhaniyo akadakambirana.

Chimene alangizi ndi mwana wa mlongo wanga sanandiuze n'chakuti galasi la ku Joni lili ndi khomo limodzi, pamene dziwe la ku Petauke khomo lake ndi dziko lonse. Abakha a aneba amasamba ku dambo m'mawa, masana ali m'dziwe langa lalikulu, opanda chiphaso. Kakowa amatera m'kadziwe ka alendo, n'kudumphira kwa eni malo, miyendo yosasamba, ndipo pochoka amanyamulako mmodzi kapena awiri ngati msonkho. Achule sindinena. Ndakweza mlambala kuti madzi a mvula asalowe, ndamanga mpanda wa bango, ndakoka zingwe pamwamba, koma lamulo langa likugwira okhawo amene ndinawalipirira minibasi.

Sabata yatha kunagwa chimvula usiku. Kutacha ndinapeza m'dziwe lalikulu muli mlamba, wonenepa, ndevu zili piringupiringu. Sindinaugule, sindinauitane. Mlamba umapuma mpweya wa kumtunda, ndipo udzu ukanyowa umakwawa kuchoka ku dambo pawokha. Unadutsa kadziwe ka alendo, unadutsa ndowa ya nsalu yofiira, n'kukalowa kuchipinda. Ndinaugwira, ndinautembenuza uku ndi uku, khungu lili see, popanda chilonda. Ndinalamula kuti ukakhale m'mgolo masabata anayi monga mwa lamulo.

Nditabwera kokamwa tiyi ndinapeza mgolo uli pululu, kukhitchini kukumveka fungo la tomato ndi anyezi.

"Mwautani mkaidi wanga?"

"Tamuika payekha," anatero mayi a kunyumba. "Mumphika. Ndipo mchere wake mukatenge konko kumene munausiya."