Nsomba yakufa idandiposa nzeru

Mphwanga amene akuphunzira za ziwerengero ku Lusaka adabwera kuno ku Mtenguleni kudzaonera mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale. Impi zikuponda pansi fumbi koboo, anthu tikudikira kuti ng'ombe yakuda ilasidwe pamaso pa mfumu Mpezeni, iye maso ali pa kompyuta, akuyang'ana zithunzi za ubongo wa anthu osawadziwa n'komwe.

"Amalume," adatero, "makina a MRI amagawa ubongo m'tizigawo zikwizikwi, pomwe anthu ojambulidwawo ndi ochepa. Ntchito yanga ndi kusankha tizigawo tonena zoona, totsalato n'kutaya." Akuti pali njira ina yotchedwa LASSO, imene Robert Tibshirani adalemba mu 1996, yomwe imapanikiza chizindikiro chilichonse chopanda phindu mpaka chifike pa ziro. Ndidati mwanawe, ndalama zonse zija tikulipirira kupeta? Agogo ako amapeta ndi lichero ulere.

Ndidaleka kuseka atandiuza za nsomba. Mu 2009 Craig Bennett ndi anzake ku America adaulula kuti adagoneka nsomba yakufa m'makina a MRI, n'kumaionetsa zithunzi za anthu. Tizigawo tina ta m'mutu mwake tidaoneka ngati tikugwira ntchito. Nsomba yakufatu! Chinsinsi chake n'chakuti ukafunsa mafunso zikwi zambiri nthawi imodzi, ena amangovomera mwangozi. Mu 2012 adalandira nayo mphotho yanthabwala ya Ig Nobel.

Pamenepa ndiye pamunda panga, abale. Ine zizindikiro sinditaya ngakhale chimodzi. Bondo likawawa ndiye kuti mvula yayandikira, chikope chikaphethira kukubwera alendo, chikhatho chikayabwa ndalama ili m'njira. Tsiku lina chidayabwa, madzulo ake munthu n'kundibwezera ngongole, ndipo mudzi wonse udamva. Masiku ena onse amene chidayabwa popanda ngakhale ngwee sindiwawerengera, ngakhale a kuchipatala adati ndi mphere. Mayi a kunyumba, omwe amamvetsera akusenda maungu, adangoti, "Abambo, inu mukalowa m'makinamo, nsomba ija idzakhala nambala wani."

Komatu kusankha bwino kuli ndi phindu. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre makina a MRI adafika mu 2008, kudzera m'ntchito ya Dr Terrie Taylor ndi anzake. Atajambula ana 168 odwala malungo a muubongo, mu 2015 adalengeza kuti mwa zambiri zooneka pazithunzizo, chachikulu ndi kutupa kwa ubongo. Mwa ana 100 alionse omwalira, 84 adali otupa kwambiri. Mwa 100 alionse opulumuka, 27 okha. Ubongo ukatupa umapanikiza mbali yoyendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma.

Choncho mwana akatentha thupi n'kuyamba kukomoka, musabwere kudzafunsa bondo langa. Pezani njinga kapena galimoto, thamangirani naye kuchipatala.