Mkhristu Weniweni Ndani? Tauni Yonse Ili ndi Yankho

Pali milandu ina imene bwalo lake silitsekedwa m'tauni muno, ndipo wovuta kuposa yonse ndi uwu: munthu akati ndine Mkhristu, akutanthauza chiyani? Taukamba m'minibasi, taukokana pamjigo, pabawo tautsutsana mpaka kuiwala kuti wotakata ndani. Aliyense ali ndi yankho lake, ndipo yankho la aliyense limamusiya mwiniwake m'kati mwa mpanda, mnzake kunja.

Okonda manambala amati nkhaniyi idatha kale. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu oposa 17.5 miliyoni a m'dziko muno, pafupifupi 77 pa 100 aliwonse adati ndi Akhristu, Akatolika okha 17, a CCAP 14. N'chifukwa chake timanyadira kuti lathuli ndi dziko loopa Mulungu. Koma ena amangopukusa mutu, amvekere: wakalembera adangofunsa, sadafufuze. Ngati tachuluka chonchi, adasolola ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013 ndani? Amasowetsa mankhwala m'zipatala ndani? Amabera alimi pasikelo nthawi yokolola ndani? Onsewa sangakhale ochokera mwa 23 otsalawo. Apa tivomereze, ofunsawo ali ndi mfundo.

Ena amati Chikhristu chili ndi umboni wolembedwa. Udalowa kalasi, udabatizidwa, khadi lako lili bwino, Mgonero sujomba, chopereka cha masika sudumpha. Kwa anzathu a Katolika, udalandira ulimbitso, mtulo umapereka, kumphakati umaoneka. Koma ena amalumbira kuti zonsezo ndi mwambo chabe. Iwo amafuna tsiku limene udabadwanso mwatsopano, ndipo ena mwa iwo amaonjeza kuti ngati sulankhula malilime ndiye kuti ulendo sunauyambe. A makhadi amati a malilime achulutsa phokoso. A malilime amati a makhadi akuodzera m'tchalitchi. Komatu tikayang'ana bwino, banja limodzi lomwelo limakhala uku ndi uku: mayi m'mawa ali m'yunifolomu ya Mvano kapena ya Chigwirizano, madzulo ali kumapemphero a mwana wawo m'kalasi ya pasukulu yapulaimale, akuimba ndi mtima umodzi womwewo.

Ikafika nkhani ya tsiku ndi chakudya, ndiye moto buu! Awa akuti Sabata ndi Loweruka, awo akuti Ambuye adauka Lamulungu. Awa nkhumba ndi mlamba sayandikira, awo amati chodetsa munthu si cha m'mbale. Kwina botolo limodzi la mowa likudulitsa mumpingo, kwina amangoti imwa mwaulemu, usaledzere. Buluku la mayi ndi tchimo mumsewu uno, mumsewu winawo mayi wa bulukuyo ndiye akutsogolera kwaya. Munthu akamvera onsewa nthawi imodzi angaganize kuti Mkhristu sadabadwebe, chonsecho onse amawerenga buku limodzi.

Palinso mphekesera imene siikalamba, yakuti theka la mpingo masana lili kuguwa, usiku lili kwa sing'anga. Ena amalumbira kuti adaona ndi maso awo mkulu wampingo akutuluka m'kachisi wa zitsamba mbandakucha, chithumwa chili m'thumba la jekete. Timangofuna kudziwa kuti mboniyo inkatani kumeneko nthawi imeneyo. Theka n'kukokomeza, koma kunena kuti kulibiretu n'kudzinamiza. Mwana akadwala osachira, bizinesi ikalowa pansi, mantha amakokera munthu kulikonse kumene kwamveka thandizo. Ena amathamangira kwa aneneri kukagula madzi ndi mafuta odzozedwa, ndipo apa tauni imagawikanso: awa akuti ndi chikhulupiriro, awo akuti ndi chithumwa chomwe chija, changosintha botolo.

Bwalo lalikulu la mlanduwu ndi pamaliro. Tonse timadziwa kunong'onezana kumene kumayamba uthenga ukangomveka: kodi mpingo ubwera? Kwaya iimba? Kapena malemuwa adali odulidwa? Alipo amene amabwerera kumpingo mutu utayera, anthu n'kumati akukonzekera nyimbo za pamaliro awo. Koma pamaliro pomwepo mpamene timamvanso zina. Pali maliro odzaza mayunifolomu koma anthu akuyasamula, ndipo pali maliro a munthu amene sadakhalepo pampando uliwonse mumpingo, koma amasiye a mudzi wonse akulira ngati wafa ndi bambo wawo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tsiku la maliro mkuyuwo umang'ambika.

Achikulire akatopa ndi phokoso lathu amatikumbutsa kumene dzina la Mkhristu lachokera. Amatchula mamishoni a ku Magomero mu 1861, Cape Maclear mu 1875, Blantyre mu 1876, Mvera mu 1889, Mua mu 1902. Amati Chikhristu chidafika ndi sukulu ndi chipatala, n'chifukwa chake mpaka lero odwala amagona ku Nkhoma, ku Malamulo, ku Ekwendeni ndi ku Likuni osafunsidwa khadi la mpingo. Achinyamata ophunzira amayankha kuti chidafikanso nthawi imodzi ndi atsamunda, ndipo thangata idapweteka anthu mitanda ili chiimire. Onse akunena zoona. Koma amene adadzuka kukana nkhanzazo mu 1915 adali mbusa, John Chilembwe wa ku Mbombwe. Ndipo pa 8 Malichi 1992, pamene dziko lonse linkalankhula monong'ona, kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi, n'kutsegula njira ya riferendamu ya 1993. Masiku amenewo dzinali lidali lolemera, ndipo olisenza adadziwa kuti likhoza kuwatayitsa moyo.

Ndiye ena amati basi, Mkhristu ndi munthu wabwino mtima, nkhani yatha. Koma anzawo amakumbutsa za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atakwirira nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche. Amene adakumba ndi makasu kufunafuna anzawo, amene adanyamula ufa ndi mabulangete kupita kumisasa, adali Akhristu, Asilamu, ndi ena osapemphera n'komwe. Chifundo si cha mpingo umodzi. Choncho ubwino wokha sukwanira kumasulira dzinali, monganso khadi lokha silikwanira.

Ife oweruza a m'mbali mwa msewu tikaika zonse pamodzi, tikuona chonchi. Kudzitcha Mkhristu ndi kunena poyera kuti ndakhulupirira Yesu Khristu ndipo ndalola kuti moyo wanga uyesedwe ndi moyo wake. Mbali yoyambayo ili pakati pa munthu ndi Mulungu wake, ndipo palibe wa ife amene ali ndi sikelo yake. Mbali yachiwiriyo ili pabwalo, aliyense amaiona. Buku la Machitidwe a Atumwi limasimba kuti dzinali lidayambira ku Antiokeya, kumene ophunzira adatchedwa Akhristu. Anthu adayamba aona kaye, dzina lidabwera pambuyo.

Tsono a khadi asunge khadi lawo, a malilime apitirize, a Loweruka ndi a Lamulungu apatsane moni panjira. Koma wofuna kudziwa ngati dzinali likumukhala, asafunse abusa okha, poti abusa amamuona atasamba ndi kutchena. Afunse mtsikana wantchito ngati malipiro ake amabwera mwezi ukatha. Afunse mkazi wake, afunse amene adamukongoza ndalama chaka chatha, afunse ana a malemu mchimwene wake za nyumba ija idasiyidwa. Amenewo akavomera kuti inde, uyu ndi Mkhristu, ife a pamjigo ndi pabawo tilibe chotsutsa.