Amalume m'tauni yomwe nyanja inaithawa

Achemwali anga, omwe ndi namwino ku England, anatiitana kuti tikaone mwana wawo akumaliza maphunziro. Tinanyamuka atatu: ine, mayi akunyumba, ndi amalume, omwe ananenetsa kuti mwana wa m'mbumba mwawo sangavale chipewa chamakona anayi mwini mbumba ali ku Ntcheu akupalira mbatatesi. Mwambo utatha, achemwali ndi alamu anati tikapumeko pa sitima yapamadzi yonyamukira ku Southampton, ya masiku ochepa chabe, yokaima tsiku limodzi ku Belgium kuti tikaone tauni yakale ya Bruges.

Amalume anakwerapo Ilala kamodzi, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay, ndiye m'galimoto monse ankatilangiza za panyanja. Titafika padoko anakweza maso, nakwezabe, mpaka chipewa chinagwa.

"Iwe, iyi si sitima. Atenga Area 18 n'kuiika pamadzi."

Atalowa m'kati n'kuona makapeti, anandinong'oneza: "Nanga mbuzi ndi matumba a usipa amaika pati?"

Pachakudya anafunsa mtengo katatu. Katatu konse achemwali anawayankha kuti zonse zinalipiridwa kale, adye mmene angathere. Anadya, koma maso ali kukhomo, ngati munthu amene walowa paukwati wa eni ake osaitanidwa.

* * *

Kutacha tinathamangira pamwamba kuti tione tauni yakale ija. Tinaona makontena, zitsulo zonyamulira katundu zazitali ngati mibawa, ndi magalimoto atsopano ali ndandanda mpaka pomwe maso alekezera.

"Atinamiza," anatero amalume. "Pano m'pa Kanengo."

Alamu anafotokoza kuti pano ndi pa Zeebrugge, kutanthauza Bruges wa kunyanja, doko lomwe linatsegulidwa mu 1907 ndipo ndi limodzi mwa madoko odutsa magalimoto ambiri padziko lonse. Bruges weniweni ali kumtunda, makilomita pafupifupi 15. Amalume sanamve zonsezo. Iwo ankasakasaka mlonda.

Tisanatsike, achemwali anatichenjeza kuti nthawi ya ku Belgium ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku England, ndiye aliyense asunthe wotchi. Apa mpamene zinaululika kuti amalume sanagwirepo wotchi yawo chichokereni kumudzi. Masabata awiri onse ku England ankadzuka ola limodzi anthu asanadzuke n'kumadandaula kuti tiyi wachedwa. Alamu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma titayerekeza, wotchi ya amalume inali ndendende ndi ya padoko, chifukwa m'miyezi yotentha ya kumeneko nthawi ya ku Belgium imafanana ndi yathu.

"Mwaona," anatero amalume, akupukuta galasi la wotchi ndi chala. "Azungu a kuno ndi ophunzira. Amayendera nthawi ya ku Ntcheu."

* * *

Pokwera basi anatimata kapepala pachifuwa kolembedwa 14, natipatsa timawailesi toika m'khutu. Wotitsogolera anali mayi wamtali wa jekete lofiira, atanyamula ndodo yokhala ndi nambala yomweyo kunsonga. Amalume anayang'ana kapepala kawo, nayang'ana ka ine. "Tikupita ku dibi?"

Mayiyo analankhula zambiri, koma mawu omwe anawabwereza kasanu ndi akuti basi inyamuka hafu pasiti 3, ndipo sitima sidikira munthu. Amalume anagwedeza mutu mwachisoni. Kwathu ngakhale basi ikanyamuka, kondakitala akakuona ukuthamanga ndi nkhuku m'khwapa amamenya chitseko kuti iime.

Mbiri ya tauniyi tinaimvera m'khutu, tikuyenda mothamanga. Mu 1134 namondwe anang'amba gombe n'kutsegula njira yamadzi yotchedwa Zwin, zombo zinayamba kufika pafupi, ndipo Bruges analemera koopsa. Ubweya wa nkhosa unkachokera ku England, iwo n'kumaluka nsalu zodula. Amalonda a ku Genoa, Venice ndi Germany anali ndi nyumba zawo m'tauni momwemo. Kenako mchenga ndi matope zinayamba kutseka njira ija pang'onopang'ono. Pofika cha m'ma 1500 zombo zinaleka kubwera, malonda anasamukira ku Antwerp, tauni inagona tulo ta umphawi zaka mazana. Anthu analibe ndalama zogwetsera nyumba zakale n'kumanga zatsopano. Nyumba zomwezo ndi zomwe lero anthu akulipira ndalama zankhaninkhani kuti adzazione, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaika pakati pa tauniyi m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse.

Amalume anachotsa kawailesi m'khutu naima pakati pa msewu.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ndamva bwino? Nyanja inawathawa, anasauka, analephera kukonza nyumba, ndiye ife tawoloka nyanja kudzaona kulephera kwawoko?"

Ndinati ndi choncho ndithu.

"Ine ndinaona Chilwa itauma mu 1995, mabwato ali gada pamatope ong'ambika ku Kachulu. Palibe anatimata nambala pachifuwa kuti tikaone." Anaganiza pang'ono. "Tikabwerera, khitchini yanga ija musaigwetse. Muzingoichirikiza ndi mtengo. Adzukulu adzadyerapo."

* * *

Pabwalo lalikulu lotchedwa Markt pali nsanja ya mabelu, yotalika mamita 83, ya mabelu 47. Kuti ufike pamwamba uyenera kuponda masitepe 366, opindikapindika, opanikiza kotero kuti wotsika ndi wokwera amagundana mimba n'kupepesana m'zilankhulo zosamvana. Ine ndi alamu tinakwera. Amalume atamva nambalayo anakhala pansi pomwepo.

"366 ndi masiku a chaka chachitali. Ndikwere chaka chathunthu ndisanadye nkhomaliro? Mukandionereko."

Tinafika pamwamba thukuta lili kamukamu, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wang'ombe. Ndisanapeze mpweya wokwanira kunena kuti kukongola, belu linalira pafupi ndi khutu langa. Zomwe alamu anandifotokozera potsika sindinamve ngakhale liwu limodzi.

Pansi tinapeza amalume ataweramira kumbuyo kwa hatchi. Pabwalopo pamaima ngolo zokokedwa ndi mahatchi zoyendetsa alendo, ndipo hatchi iliyonse ili ndi thumba lomangidwa kunsi kwa mchira kuti ndowe zisagwere mumsewu. Amalume anali ataliyendera thumbalo mbali zonse, manja kumbuyo, ngati mlangizi wa zaulimi. Ankafuna ndifunse mwini ngolo zinthu ziwiri: manyowawo amapita kuti madzulo, ndipo kodi hatchi imazolowera masiku angati. Ankaganiza za ng'ombe zawo, ndi za mtengo wa feteleza. Pa zonse zomwe tinaona tsikulo, chithunzi chomwe anandiumiriza kujambula ndi chimenecho, ndipo ndinachijambula katatu chifukwa mchira unkaphimba.

* * *

Patsinde pa nsanjayo pali timisasa tobiriwira togulitsa tchipisi. Anthu a ku Belgium amati tchipisi ndi chawo, amachikazinga kawiri kuti kunja chikhale chokhukhuta m'kati chofewa, ndipo ku Bruges anachitsegulira nyumba yosungiramo mbiri yake, Frietmuseum. Kwa mlimi wa mbatatesi wa ku Ntcheu nkhaniyi inali ngati kumva kuti mwana wako wakhala nduna kudziko la eni.

Mayi akunyumba ndiwo anayamba kudandaula. Anaima pakawindo kudikira kuti awapatse kamodzi kolawa, monga zimakhalira pachiwaya chilichonse cholongosoka. Palibe. Kabichi palibe, tomato palibe, tsabola wa m'botolo uja palibe. M'malo mwake mnyamatayo anathira mayonezi pamwamba, phwaa, ngati akupaka khoma laimu. Ndipo atalipira anaimabe, kudikira kapulayizi. Mnyamatayo anamwetulira n'kuyang'ana wotsatira.

Amalume anafunsa mtengo, anausandutsa makwacha ndi zala, nabwereza kuwerengako. Kenako anatola kachidutswa kamodzi, nakayang'ana mwaulemu.

"Pa Lizulu ndalama imeneyi umanyamula ndowa, wogulitsa n'kukuperekeza mpaka pa minibasi."

Patapita kanthawi anafuna kopita. Ndinawaperekeza, tinapeza mayi atakhala pakhomo ndi kambale ka ndalama. Amalume anandiyang'ana.

"Polowetsa ndalipira. Potulutsanso ndilipire? Nanga phindu langa lili pati?"

* * *

Mayi wa jekete lofiira anatiimika pakhomo pa fakitale yofulula mowa ya De Halve Maan, natiuza kuti kuyambira mu 2016 mowa wa pamenepo umayenda m'paipi pansi pa nthaka, mtunda woposa makilomita atatu, kupita kunja kwa tauni komwe amakauthira m'mabotolo. Anachita zimenezi chifukwa malole akuluakulu ankavutika m'timisewu topapatiza ta miyala n'kumatiwononga.

Kuyambira pamenepo amalume sanayang'anenso nyumba iliyonse. Ankayenda maso pansi, akugogoda miyala ndi ndodo, kumvetsera.

"Ndiye kuti pano tikuponda mowa? Ndipo umakafika wonse?"

Alamu anati umafika wonse.

"Anthu ake ndi ogona. Kwathu sabata yomweyo khomo lililonse la m'mbali mwa paipi likanayamba kukumba chimbudzi chatsopano. Kumapetoko kukanamatuluka mpweya wokha, ngati mpopi wa kwa iwe uja."

* * *

M'tchalitchi cha Amayi Maria, chomwe nsanja yake ya njerwa imapitirira mamita 115, muli chosema cha Maria ndi Mwana cha Michelangelo, cha mwala woyera. Tinauzidwa kuti chinatengedwapo kawiri, ndi asilikali a ku France mu 1794 ndiponso ndi a Germany mu 1944, ndipo kawiri konse chinabwerera. Amalume anati akuba a kuno ndi a mtundu wina. Njinga yawo inapita kamodzi kokha ndipo ikadali paulendo.

Tinapatsidwa mphindi zochepa. Mayi akunyumba, omwe ndi a Katolika enieni, anayang'ana nkhope ya Maria, yozyolika, yosamwetulira, Mwana ataima pakati pa mawondo ngati akufuna kutsika ayambe kuyenda. Anagwada, natulutsa korona m'chikwama. Ine ndinaima pakati, diso limodzi pa iwo, lina pa ndodo ya nambala 14 yomwe inkalowera kukhomo. Ndinawakodola. Anandiyang'ana ndi diso lija lomwe ndimalidziwa, napitiriza mpaka anamaliza khumi loyamba. Gulu tinakalipeza pamlatho wachitatu, ndipo m'gulu lonselo ndikukhulupirira kuti ndi iwo okha amene anachionadi chosemacho. Ena tonse tinangochijambula.

* * *

Ku Begijnhof, mpanda wa tinyumba toyera womwe unakhazikitsidwa mu 1245, pali zikwangwani zopempha anthu kukhala chete. Kale munkakhala amayi opemphera omwe ankadzisamalira okha, osakwatiwa komanso osachita malumbiro a usisitere. Madzulo zipata zinkatsekedwa, mwamuna osalowa. Mayi akunyumba anamvetsera mwachidwi, kenako anandikoka malaya.

"Bambo, tafunsani ngati malo alipo."

Kunja kwake, m'ngalande, munali atsekwe oyera a makosi ataliatali, onenepa, akuyandama mosatekeseka. Amalume anafunsa kuti mwini wake ndani. Atamva kuti amasamalidwa ndi akuluakulu a tauni ndipo palibe amawagwira, anawayang'ana nthawi yaitali. "Khirisimasi kuno kulibe?"

Tili pomwepo gogo wina pa njinga, buledi ali m'dengu, analiza belu kumbuyo kwathu, nkhope ili gwaa. Tinali titatseka kamsewu konse, anthu makumi anayi ndi manambala athu. Amalume anavula chipewa n'kumupatsa moni wa Chichewa, wathunthu, wofunsa ndi akunyumba omwe. Gogoyo anadutsa osacheuka. Sindinamude. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma sankanena mame obwera pa mabasi khumi m'mawa uliwonse. Mu 2019 akuluakulu a Bruges anachita kulamula kuti sitima za alendo zoima ku Zeebrugge zisamapitirire ziwiri patsiku, pomwe kale zinkatha kufika zisanu. Tauni yomwe inalira zaka mazana kuti zombo zaithawa, lero ikupempha zombo kuti zichepetseko.

* * *

Titapatsidwa nthawi yoyenda patokha, amalume, achemwali ndi mayi akunyumba anati atopa, abwerera kubasi. Ine ndi alamu tinalowa m'sitolo ya chokoleti. Alamu anayang'ana wotchi yawo nati nthawi ilipo yambiri, ola lathunthu, tisankhe modekha. Tinalawa ichi, tinalawa icho, alamu akufotokozera wogulitsa za tiyi wa ku Thyolo. Ndiye mabelu a pansanja paja analira. Ndinatulutsa foni. Munthu yemwe anaseka amalume mpaka kugwira nthiti anali ataiwala kusuntha wotchi yake.

Sindinadziwe kuti bambo wa mimba ngati alamu angathamange chotero pamiyala yoterera. Tinadutsa mlatho, tinabalalitsa gulu la nambala 9, tinapitirira hatchi ndi thumba lake. Tinafika injini ikulira, mayi wa jekete lofiira ali pakhomo, mlomo uli ngati wamangidwa ndi ulusi. Basi yonse inatiyang'ana. Pampando wakutsogolo panali amalume, mwendo pamwamba pa unzake. Sanalankhule. Anangokweza dzanja lamanzere, nagogoda galasi la wotchi kawiri.

Titabwerera kumudzi anthu anadzaza pakhonde kudzamva za ulendo. Wina anafunsa kuti tauni yakale ija inali yotani.

"Zambiri sindinazione bwino, tinkathamanga," anatero amalume. "Koma msana wa mayi wa jekete lofiira ndikhoza kukujambulirani pansi pompano. Iwe, tabweretsa foni, uwaonetse hatchi ija."