Amwenye andikumbitsa chimbudzi

Ine chikondi ndinachiphunzirira mu vidiyo shoo ku Ndirande, titapanikizana pa benchi, thukuta lili kamukamu. Aphunzitsi anga anali Amwenye. Masiku amenewo mnyamata akafuna mkazi sankachulutsa mawu: ankangoyimba n'kumazungulira mtengo, namwali akusuzumira kuseri kwake. Milomo ikati iyandikane, kamera inkathawira ku maluwa awiri akugundana. Zotsalazo tinkamalizitsa tokha m'mutu.

Mu 1995 kunatuluka Dilwale Dulhania Le Jayenge, dzina limene lilime langa limapunthwa nalo mpaka lero. Shah Rukh Khan anakana kuthawitsa Kajol, ati mpaka bambo ake alole. Mnyamatayo anamuswa, magazi chuchuchu, koma mapeto ake mdala uja anataya dzanja la mwana wake, mtsikana liwiro kuthamangira sitima. Ndinati mnyamata uyu yekha ndi woleredwa, kungosowa ankhoswe basi.

Nzeru zimenezi ndinakaziyesa pa mayi a Chisomo. Vuto linali mtengo, poti phiri la Ndirande tinali titalimeta kale mpala. Ndinazungulira papaya wa eni ake, ndikuyimba mawu amene ine ndemwe sindinkawamva, mpaka galu wapakhomopo anandiphunzitsa sitepe yatsopano. Mayi a Chisomo akuti anandilola chifukwa cha chisoni. Amanena okha, pagulu.

Lero rimoti ili m'manja mwawo. Anayamba ndi Zee World, kulira limodzi ndi Pragya wa m'sewero la pamenepo ndiwo zikupserera. Zimenezo ndinapirira. Koma mafilimu a masiku ano, abale! Mu Queen ya 2014, mwamuna akukana ukwati utayandikira, mtsikana kupukuta misozi, kukwera ndege yekha wa ku Paris, n'kukasangalala kuposa akanapita ndi mwamunayo. Mu Thappad ya 2020, mbama imodzi yokha banja latha. Pamenepo ndinawombera nawo m'manja, poti langa dzanja limangodziwa mbamu ya nsima.

Yandipweteketsa ndi ya Akshay Kumar ya 2017, ija mkazi akuchoka pabanja chifukwa pakhomo palibe chimbudzi. Itatha, mayi a Chisomo anangoponya maso pawindo, kumene chathu chogawana mabanja 6 chapendekera, chitseko chake chili thumba la feteleza.

"Bambo a Chisomo, mwamuona mnzanu?"

Ndinakonza kukhosi kuti ndiyambe ija ya papaya. Anandipatsira khasu.

"Muziyimbira m'dzenjemo, mawu amamveka bwino."