Malaya Olankhula ku Toronto

Malume anga a ku Ntcheu anatera pa bwalo la ndege la Pearson mu Marichi 2025, ndipo asanazolowere n'kuzizira komwe, mzinda wonse unali pa nkhani ya chipewa. Pa 27 Marichi, tsiku limene timu ya Blue Jays inkatsegulira chaka cha mpira wa baseball pa Rogers Centre, alonda anatulutsa bambo wina wachikulire chifukwa cha chipewa cholembedwa kuti "Canada is not for sale", kutanthauza kuti Canada si malonda. Ndinawauza malume nkhaniyi tili pa nsima. Anaimika mbamu m'malere n'kunong'ona: "Mphwanga, ngati akuthamangitsa wonena kuti Canada sagulitsidwa, alondawo akudziwapo kanthu. Tafufuza mtengo, mwina tipezako kapuloti ka m'mbali mwa msewu."

Mawu omwewo anayamba kutchuka pamutu pa a Doug Ford, nduna yaikulu ya chigawo cha Ontario, mu Januwale chaka chomwecho, a Donald Trump atayamba zoti Canada angokhala chigawo cha 51 cha America. A Ford anaonekera nacho pa TV, anthu n'kuwaombera m'manja. Azakhali a ku Brampton anamva nkhani ziwirizi, wina kumutama, wina kumutulutsa, mawu ali amodzimodzi. Anagamula mlandu akusenda anyezi: "Chipewa chilibe tchimo. Vuto ndi mutu umene chakhalapo."

Pasanapite nthawi a Blue Jays anapepesa, anati antchito awo analakwitsa, ndipo anamuitana bambo uja kuti abwerenso kudzaonera mpira. Malume atamva zoti kuno ukatulutsidwa amakupepesa n'kukuitananso, anakagula chipewa chawo. Anayendayenda pamaso pa alonda, kutsokomola, kuchipendeketsa, kuchiloza ndi chala. Alonda ankangomwetulira. Anabwera kunyumba nkhope ili gwa: "Andigulitsa cha feki. Ichi sichikuthamangitsa."

Tsiku la chipewa lija Blue Jays inakwapulidwa 12-2 ndi Baltimore. Mlamu wanga, amene anakhala pampando mpaka mapeto, akudikirabe kalata yake: "Wotulutsidwa uja anapulumuka. Apepese ife amene anatisiya mkati."

Mlamu yemweyo amakonda malamulo kuposa ndiwo. Pokonzekera mayeso a unzika analoweza Charter ya 1982, lamulo la Canada la ufulu wa anthu, makamaka gawo 2(b) lonena za ufulu wolankhula zakukhosi. Usiku wina anavala tisheti yonyoza andale n'kupita ku bala ina ku Mississauga. Mlonda anamuimitsa pakhomo. Mlamu anatsegula pakamwa, gawo lonse linatuluka ngati ndime ya pamtima ya ku Sande sukulu. Mlonda anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati Charter imamanga manja a boma, iye si boma, ndipo pamalopo ndi pa eni ake. Ndinangomva foni kulira: "Alamu, Charter ili ngati netiweki ya kwathu. Panja ikugwira bwinobwino, ukangolowa m'nyumba yathawa."

Ndinayesa kuwachenjeza malume kuti ngakhale nyumba zikuluzikulu za masitolo zija ndi za eni. Khoti lalikulu la Canada linagamula choncho mu 1975, pa mlandu wa mayi wina amene anali pa sitalaka atanyamula chikwangwani pa Polo Park ku Winnipeg, ndipo kuno ku Ontario lamulo la Trespass to Property Act limalola mwini malo kukuuza kuti nyamuka. Malume anagwedeza mutu: ndiye kuti ndife alendo. Mawa lake ku Scarborough anaima pakhomo pa nyumba ya masitolo, kuvula chipewa, kuwomba m'manja: "Odi! Odi kuno!" Chitseko chinatseguka chokha. Analowa mowerama, nakhala pabenchi maola awiri. Nditawapeza anali atakwiya: "Mwininyumba ameneyu analeredwa kuti? Chitseko watsegula msanga, koma mpaka pano ngakhale madzi akumwa."

Mkulu wampingo wina anabwera kudzaona mwana wake atavala tisheti ya pa kaunjika, yogula pa msika wa Tsoka ku Lilongwe. Mawu amene anali pachifuwa sindingawalembe muno, ana amawerenganso nyuzipepala. Ku lesitilanti, manijala anafika mwaulemu n'kufunsa kuti kodi bambo akufuna kupereka uthenga wanji ndi malaya otere. Mkulu uja anayang'ana pachifuwa ngati akuonapo koyamba. "Uthenga wake ndi umodzi, anali otchipa. Ndipo taonani pakolala, pali dzina la sitolo ya kwanu kuno. Munasoka ndinu, munalemba ndinu, munataya ndinu. Ine ndangobweza katundu wanu."

Malume nawo ali ndi jekete ya pa kaunjika yolembedwa SECURITY kumsana. Anaivala ku ukwati ku Markham, naima pafupi ndi khomo kuti apitidwe kamphepo. Posakhalitsa anthu anayamba kuwaonetsa makadi a ukwati. Iwo osafunsa kanthu, anayamba ntchito. Anabweza anyamata awiri a majinzi ong'ambika m'maondo ndi mtsikana wina wa tisheti yolembedwa za mowa. Ukwati utatha anandikokera pambali: "Iwe umati ntchito kuno ndi yosowa. Tandionetsa kolandirira malipiro."

Kamnyamata kena ka kwathu kanafika pa holo ya dansi katavala tisheti ya mawu oyabwa. Mlonda anati vuto palibe, kangotembenuza basi, kalowa. Kamnyamata kanati zikomo bwana. Kanatembenuka konse, kuloza nkhope kumsewu, n'kulowa chafutambuyo. Mlonda anakagwira phewa kasanafike n'patali pomwe. Mawu a kumsana ndiwo anali oopsa.

Wina ndi wa Maule wa magazi, sapita kulikonse popanda jezi yofiira. Pakhomo la malo ena osangalalira ana panali chikwangwani choletsa zovala zolimbikitsa chiwawa. Mlonda anawerenga pa jeziyo pang'onopang'ono: Big Bullets. Anafunsa kuti zipolopolo zimenezi ndi za chiyani. Mnzathu anamwetulira, poti wapeza womufunsa za timu yake: "Zoombera Manoma, bwana. Ku Blantyre timawapha masanasana, anthu masauzande akuonerera, apolisi ali pomwepo." Anamumasula madzulo, mwana wake atawaonetsa apolisi Facebook ya timuyo.

Wa Manoma yekha ndiye amasangalala mumzinda muno. Blue Jays ndi ya buluu, Maple Leafs ya hockey ndi ya buluu. Tsiku la masewero Union Station imadzaza ndi majezi a buluu okhaokha. Mnzathu wa Manomayo anajambula khamulo n'kutumiza kumudzi ndi mawu akuti: "Uzani a Maule, nthambi yathu ya ku Canada yakula."

Azakhali aja anapita ku phwando atamanga chitenje cha chipani, chija cha nkhope ya mtsogoleri chimene amagawa pa kampeni. Oyang'anira holo anali atanena kuti zovala za ndale ayi. Mtsikana wa pakhomo analoza nkhopeyo n'kufunsa ngati munthuyo ndi wandale. Azakhali anati anali wandale kale, analuza, pano ndi nsalu chabe. Mtsikana anaumirira kuti kuvala nkhope ya munthu ndiye kumuchemerera. Azakhali anatembenuka n'kumuonetsa pamene nkhopeyo inagwera: "Mwanawe, taona bwino. Munthu ndikumukhalira, iwe ukuti ndikumuchemerera?"

Agogo amakumbukira bwino lamulo la kavalidwe la 1973, nthawi ya Kamuzu, pamene mayi wovala thalauzi kapena siketi yolekeza pamwamba pa maondo ankaona zakuda. Tinapita nawo ku paki ina yosambirako m'chilimwe. Anaona atsikana atavala tinsalu tosakwana n'kusefera tiyi komwe, alonda osalankhula kanthu. Kenako anaona mnyamata wovala bwinobwino akumuimitsa chifukwa cha mawu a pa tisheti. Mnyamata anavula tishetiyo, natsala chifuwa pamtunda, ndipo anamulola kudutsa. Agogo anagwira pakamwa: "Ndamvetsa tsopano. Kuno maliseche ndi ololedwa, bola asakhale ndi zilembo."

Mu 2024 sipikala wa nyumba ya malamulo ya Ontario ku Queen's Park, a Ted Arnott, analetsa keffiyeh, mpango uja wa mandalasi umene amavala anthu a ku Palestine ndi Aluya ena, ponena kuti ukupereka uthenga wa ndale. Phungu Sarah Jama anauzidwa kuti atuluke atauvala. Malume anapempha chithunzi cha mpangowo. Anauyang'ana chadodolido, kufunafuna chilembo ngakhale chimodzi, osachipeza. "Munthu ameneyu amamva nsalu ikulankhula? Kwathu akanatsegula chipatala cha zitsamba, anthu akanamagona pamzere."

Ndinawonjeza kuti a Ford eni ake anapempha sipikalayo kuti asinthe maganizo, iye n'kukana. Agogo, amene anakulira m'nthawi ya khadi la chipani, anasiya kapu ya tiyi: "Wakanira mtsogoleri? Ndiye maliro ali liti?"

Mu Januwale 2015 otsatira ena a Maple Leafs, timu imene chikho cha Stanley inachiona komaliza mu 1967, anatopa ndi kugonja. Anavula majezi n'kuwaponya pa ayezi masewero ali mkati, pa bwalo limene pano likutchedwa Scotiabank Arena. Atatu analipitsidwa madola 65 aliyense ndi kuletsedwa kulowamo chaka chathunthu. Malume anadabwa kuti mumzinda muno ukavala amakutulutsa, ukavula amakutulutsanso. Koma mtima wawo unali kwina: "Tsono majezi aja anatola ndani? Belo limayamba choncho, mphwanga."

Pa bwalo lomwelo, mu Okutobala 2019, timu ya basketball ya Raptors ikutsegulira chaka itangotenga chikho cha NBA, anthu ena ankagawa matisheti aulere osonyeza kugwirizana ndi ochita zionetsero ku Hong Kong. Mlamu wanga anaima pamzere katatu, akusintha chipewa. Wogawa anamuzindikira n'kumufunsa ngati nkhani ya Hong Kong imamukhudza chotere. Mlamu anati imamusowetsa tulo. Anapinda matisheti atatu kukhwapa n'kuyang'ana uku ndi uku: "Nanga ya sopo akugawira mbali iti?"

Mnzathu wina anatopa ndi kufunsidwafunsidwa, nakadinditsa tisheti ya m'Chichewa: NGONGOLE MAWA. Anati aone amene angamuthamangitse pa chinthu chimene sangawerenge. Ku bala, mlonda anaitana mwini malo. Mwini malo anafunsa tanthauzo. Mnzathu anamasulira mwamatama, ali wokonzeka kumenyera ufulu wake mpaka ku khoti. Mwini bala anakhala chete, kenako anatulutsa kope: "Za antchito anga ndikufuna khumi. Ndipo paja iwe uli ndi ya mwezi watha."

Mwana wa mchemwali wanga anabadwira ku Scarborough konkuno, Chichewa amachimva koma amayankha m'Chingerezi. Anatsika kudzadya atavala tisheti yonena kuti makolo ake sadziwa kanthu. Mayi ake anati akavule. Mwana anaimika khosi: kuno ndi ku Canada, kusukulu anaphunzira za ufulu wolankhula. Mchemwali wanga, amene nkhani ya alamu ku Mississauga anaimva bwino, anapukuta manja pa chitenje: "Charter ndi ya boma. Ine si boma. Lendi ya nyumba ino ndimalipira ine, ndipo nsima ndi ya ovala bwino." Mwana anabwerera atavala shati ya kutchalitchi, batani mpaka pakhosi.

Malume anabwerera kumudzi mu Ogasiti, chipewa chija chili pamutu. Pa depoti ya ku Lilongwe kondakitala wina anachiwerenga mokweza n'kufunsa ngati ndi zoona kuti Canada sagulitsidwa. Malume anati ndi zoona, anaona ndi maso awo munthu akuvutikira mawu amenewa. Kondakitala anafunsa za chipewacho. Chinapita pa K15,000, ndi mpando wa kutsogolo mpaka ku Ntcheu.