Mapanga Awiri ku Mchinji

Amene anayambitsa mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa sanagonepo ku Mchinji. Kuno munthu amayenda ndi manambala awiri a foni, ina ya TNM ina ya MTN ya ku Zambia. Thumba lakumanja muli kwacha yathu, lakumanzere kwacha ya anzathu. Mavenda a pa Kamwendo akapondereza mtengo wa mtedza, iye amangomanga thumba pa njinga n'kuloza ku Chipata. Mvula ikamabwera amaiona, koma madzulo amafika pakhomo ali wouma.

Ku America mwambiwu anaunyoza kufikira kusukulu. Mwana wa sekondale amatenga phunziro la kukoleji asanalembe n'komwe mayeso otsiriza, nthawi zina m'kalasi momwemo, ndi mphunzitsi yemweyo. Akakhoza, malikisi amawerengedwa kawiri: pa satifiketi ya sekondale ndi pa digiri yomwe sanaiyambe. Pofika kuyunivesite amapeza maphunziro ena anawamaliza kale, fizi n'kuchepa. Bambo ake amagulitsa ng'ombe imodzi m'malo mwa ziwiri, ngati kumeneko amagulitsa ng'ombe.

Ngakhale kutsidya kwa Mwami kuno analawako. Silabasi ya ku Zambia ya 2013 inatsegula njira ya ntchito zamanja, moti mwana angathe kutuluka sekondale atanyamulanso pepala la TEVETA ya kwawo, la ukalipentala kapena zomangamanga.

Ife mapanga athu ndi otalikirana, pakati pali dambo. Taonani mnyamata wa Fomu 4 pa CDSS. M'mawa ali ndi Biology, masana wavala magalasi akuda, akuwotcherera mafelemu a zitseko kwa amalume ake pamsika. Usiku maso ali psuu ngati wathiridwa tsabola, buku lili pachifuwa, mkonono uli pakati. MANEB sifunsa kuti wawotcherera zitseko zingati. Kuyunivesite ya boma akufuna makirediti 6 a MSCE, Chingerezi chili momwemo, basi. Chitseko chingawongoke bwanji, sichichotsa poyinti ngakhale imodzi.

Nawo amalume satifiketi saidziwa. "Iwe, Shakespeare wakoyo anawotchererapo chiyani? Tagwira apa!"

"Amalume, mawa tili ndi mayeso."

"Mayeso ndi awa, kasitomala akubwera 4 koloko."

Chondiseketsa n'choti maboma a Malawi ndi Zambia nzeru yophatikiza mapangayi akuidziwa. Mu Disembala 2022 a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula chipata cha Mchinji-Mwami choti thiraki iziima kamodzi kokha, mapepala n'kudindidwa pamalo amodzi. Thumba la simenti analimvera chisoni kuti lisamaime pamizere iwiri. Mwana wa Fomu 4 akadali pa kabaza pakati pa kalasi ndi shedi, yunifolomu yabooka ndi nthethe za moto, ndipo wakabaza akuti mtengo wakwera chifukwa kwachita matope.