Masamu a Bleza

Alamu anga anandipeza pa komiti ya ukwati ndili kalikiliki kuwerengera makreti a zakumwa, ndipo anandifunsa mokweza kuti ngakhale ophika kuseri amve: "Alamu, ndamva kuti mwana mwamusiya ku CDSS. Mwaganiza bwino koma? Ifetu Junior tinamupititsa ku pulayiveti, tikufuna adzakhale injiniya." Azimayi onse anandiyang'ana ngati ndalengeza maliro. Junior anali pomwepo, ndiye ndinamupempha injiniya wathuyo andiuze kuti makreti 14 a mabotolo 20 akhala mabotolo angati. Anayang'ana kumwamba, n'kundifunsa m'Chingerezi chodutsira m'mphuno ngati ndingamubwereke foni.

Sukulu ya Junior ndimaidziwa. Inali nyumba ya lendi ya zipinda zitatu. Lero pachikwangwani pali mawu akuti International ndi Academy, ndipo pampanda anajambulapo dziko lapansi, maikulosikopu ndi Albert Einstein atatulutsa lilime, kungoti wojambulayo anamupatsa nkhope ya agogo ena ake akumudzi. Mwini wake ankagulitsa matabwa. Masiku ano ndi a Dailekita, ndipo mukaiwala dzinalo amakukumbutsani. Akazi awo ndiwo osunga ndalama, mlamu wawo ndi ahedi, mphwawo ndi dalaivala wa minibasi ya sukulu, imene imanyamula ana m'mawa kenako n'kumakaitanira anthu pasiteji mpaka nthawi yoweruka.

Ana amavala bleza ndi tayi ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Akayankhula Chichewa amalipira chindapusa. Teremu iliyonse makolo amapereka fizi, ndalama ya chitukuko, ya kompyuta, ya ulendo wokaona nyanja, ndi ya labu. Labuyo ndi chipinda chimene kale chinali khitchini. Muli sinki yosatuluka madzi, kabati yokhoma, ndi chigoba cha munthu cha pulasitiki chopanda mkono umodzi, moti ana a Bayoloje pamenepo amakhulupirira kuti mafupa a munthu ndi ochepa kuposa amene ali m'buku. Kiyi wa kabati ali ndi a Dailekita, ndipo a Dailekita apita kubanki. Nthawi zonse amakhala apita kubanki.

Koma zotsatira za MSCE zikatuluka mudzaona chinsalu chachikulu pageti: onse akhoza! Zoona, onse amene analoledwa kulemba. Amene masamu ankawazunguza mutu anaitanidwa mu ofesi mayeso a MANEB asanayandikire, n'kulangizidwa mwachikondi kuti abwereze kalasi kapena akalembere kwina, kuti asadetse chinsalu.

Sindikunena kuti mapulayiveti onse ndi a matabwa. Kamuzu Academy, imene Kamuzu Banda anatsegula ku Mtunthama mu 1981, ili ndi malabu enieni, ndipo ana amaphunzirako mpaka Chilatini. Sukulu zambiri za mishoni nazo zakhala zikutulutsa madokotala. Koma alamu anga sanayendere labu iliyonse posankha sukulu. Anaona mtundu wa bleza, anamva mwana wa neba akunena "mummy" m'malo mwa "amayi", basi mtima unakhazikika. M'tauni muno funso loti mwana akuphunzira kuti silifuna kudziwa za mwanayo. Limafuna kudziwa za thumba la bambo ake.

Tsono musaganize kuti ine wa ku boma ndikudya bwino. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, m'nthawi ya Bakili Muluzi, ana anakhamukira kusukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo makalasi, madesiki ndi aphunzitsi akhala akuthamangira chiwerengerocho osachipeza. Ochepa okhoza kwambiri Sitandade 8 amasankhidwira ku masukulu akuluakulu ngati Dedza, Blantyre Secondary kapena Lilongwe Girls. Ambiri mwa ena osankhidwa amapita ku ma CDSS, amene ambiri anali malo ophunzirira a MCDE asanasinthidwe dzina kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Dzina linasintha msanga kuposa nyumba.

Kumeneko sayansi imaphunzitsidwa mwa chikhulupiriro. Mphunzitsi amajambula botolo pabolodi, n'kunena kuti: "Tangoganizani kuti tathiramo asidi. Tsopano tangoganizani kuti kapepala aka kafiira. Mwaona?" Ana onse, atatu atatu padesiki, amavomera kuti aona. Buku la Fizikisi ndi limodzi pa gulu lonse, ndipo tsamba limene lili ndi yankho linang'ambidwa kalekale ndi wina amene lero mwina ndi bwana. Tsiku la mayeso a pulakitiko ndi pamene mwana amagwira chipangizo chenicheni koyamba, manja akunjenjemera.

Ukadandaula, akuluakulu pamsonkhano amakutchulira William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito buku la ku laibulale ndi zitsulo zotola. Amainena nkhaniyo monyadira, ngati kuti phunziro lake n'loti tichotse ana onse m'kalasi tiwatumize kudzala. Iwowo ana awo ali kumene kuli magasi ndi mapaipi. Apa nthabwala imandithera, chifukwa ku MUST ku Thyolo, kapena ku MUBAS imene tinkaitcha Poly, posankha ophunzira za uinjiniya amayang'ana mapointi ndi magiredi a Masamu, Fizikisi ndi Kemisitile. Mwana wanzeru amene asidi anangomuona wa choko amapikisana ndi amene anamununkhiza, ndipo mwana wa bleza uja, makolo ake atagulitsa mpaka poloti, amagwa limodzi ndi wa choko uja.

Chimene chimapulumutsa mwana m'masamu, kulikonse kumene ali, ndi mphunzitsi wodziwa amene amachonga makope n'kubwereza pamene ana sanamve. Kwathu kuno alipo mmodzi, bambo wowonda wa dipuloma ya ku Domasi, wa nsapato zofumbira choko. M'mawa amaphunzitsa mwana wanga pa malipiro a boma. Belu la masana likangolira amakwera kabaza, amawoloka kamlatho, amamanga tayi ali pageti la Academy ija, n'kukaphunzitsa zomwe zija, ndi notsi zomwe zija, kungowonjezerapo kakumwetulira. Madzulo amachititsa patitaimu pakhonde pake, ndipo pabenchi pamakhala ana a mbali zonse ziwiri, wa bleza ndi wa malaya ong'ambika pakolala, kulimbirana rula imodzi.

Pa tsiku la makolo, a Dailekita anamuimika mphunzitsiyu kutsogolo, namuveka gauni yobwereka, n'kulengeza pa chimkuzamawu kuti sukulu yawo yachita kuitanitsa katswiri wa sayansi wochokera kutsidya. Makolo anaomba m'manja, nthungululu zinalira, ndipo fizi inakwera teremu yotsatira. Wa kabaza anali akudikirabe panja ndalama yake.